Wotchi, lamba wa pachifuwa kapena zala: poyeza kutsika kwa mtima

Anzanga othamanga nawo sasiya kundifunsa choti agule kuti azidziwa ngati mtima ukubwerera m'malo bwino akamaliza masewera. Ndikuyankheni nonse pamodzi.

Chomwe tikufuna ndi nambala imodzi: mtima umagunda kangati pa miniti pomwe mwangomaliza, ndipo watsika ndi zingati pakatha miniti imodzi. Kafukufuku wa mu 1999 wa ku Cleveland Clinic, chipatala cha ku America, adapeza kuti imfa zidachuluka m'zaka zotsatira pakati pa anthu omwe mtima wawo unkatsika ndi 12 kapena kucheperapo. Nambala yochepa chonchi imafuna chida chosaphonya.

Apa ndi pomwe wotchi ya pamkono idandigwiritsa mwala. Iyo imaunika khungu ndi kuwala kobiriwira n'kuwerenga mmene magazi akudutsira. Mukakhala phee imachita bwino ndithu. Koma miniti tikuifunayi ndi yomwe mtima ukusintha mofulumira, thukuta lili kamukamu, wotchi ikuterereka pamkono. Yanga inkatsalira m'mbuyo, nthawi zina n'kumawerenga mapazi m'malo mwa mtima. Kunja kukazizira ndiye zinkanyanya. Tsiku lina idaonetsa ngati mtima sudatsike n'komwe, ndipo usiku umenewo tulo sindidatione.

Chidandiwawa kwambiri ndi china. Nditafuna kuona nambala za miyezi yam'mbuyo, pulogalamu ya pafoni idati ndizilipira mwezi ndi mwezi. Wotchi ndagula kale, mtima ndi wanga, ndilipirenso? Pogula palibe adandiuza zimenezi, ndipo mpaka lero sindidawakhululukire.

Lamba wa pachifuwa amamva magetsi a mtima weniweniwo, monga amachitira makina a kuchipatala oyezera mtima otchedwa ECG, choncho sachedwa. Amathina, amafuna kunyowetsa musanavale, koma kabatire kake kamakhalitsa.

Zala n'zaulere. Gwirani mtsempha wa pamkono, werengani kwa masekondi 15, chulukitsani kanayi. Vuto lake, mukaphonya kugunda kumodzi mwalakwitsa ndi 4.

Ine ndili kumbali ya lamba, ndipo ndalama zikavuta bola zala kusiyana ndi wotchi. Chilichonse mungasankhe, muziyeza mofanana nthawi zonse, chifukwa kuyenda pang'onopang'ono ndi kukhala pansi kumapereka nambala zosiyana. Mankhwala ena a BP amasinthanso kagundidwe ka mtima. Nambala ikamakanirira pa 12 kapena pansi, kapena mukamamva chizungulire ndi kupweteka pachifuwa, pitani mukaonane ndi dokotala.