Friesian, Jersey kapena yosakaniza: ndi iti imene imapirira dzuwa la Okutobala

Anzanga a m'gulu lathu la alimi a mkaka akhala akundifunsa kuti agule ng'ombe ya mtundu wanji, ndipo popeza ndawetako mitundu itatu yonseyi (Friesian, Jersey ndi yosakaniza Friesian ndi ng'ombe yathu ya linunda) m'dera lathu lotentha la kumunsi kwa Zomba, ndaganiza zoyankha onse pamodzi. Zoti Friesian imaposa zinzake pa kuchuluka kwa mkaka aliyense amazidziwa. Chimene wondigulitsa sanandiuze ndi chimene chimachitika m'thupi la ng'ombeyi dzuwa likaswa mtengo.

Friesian yanga ndinakaitenga ku Thyolo mu Juni, kukuzizira, ndipo ndinaona ndi maso anga ikudzaza ndowa. Mpaka mu Seputembala ndinkayenda monyada. Okutobala atafika, inayamba kuima pa chomwera madzi kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa, kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha, nsenjere imene ndinaidulira ikungofota m'chodyera. Ndinawerenga kapumidwe kake poyang'ana m'nthiti ndipo kanapitirira 80 pa mphindi imodzi, chonsecho ng'ombe ikangopitirira 60 ndiye kuti kutentha kwayamba kale kuisautsa.

Ambiri timaganiza kuti ng'ombe imatenthedwa ndi dzuwa lokha, koma moto waukulu uli m'mimba mwake. M'chifu chake chachikulu muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa udzu, ndipo ntchito imeneyi imatulutsa kutentha ngati mmene mulu wa manyowa umafundira m'kati. Ng'ombe ya mkaka wambiri imadya kwambiri, choncho imapanganso kutentha kwambiri, pamene thupi lake liyenera kukhala pa madigiri pafupifupi 38.5. Friesian yolemera makilogalamu 600, ya mawanga akuda, imayamba kuvutika kunja kukangotentha kufika madigiri cha m'ma 25 ngati mpweya uli wachinyezi, ndipo njira yake yoyamba yodzitetezera ndiyo kuchepetsa kudya.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Nditaona kuti mkaka ukutsika, ndinawonjezera madeya poganiza kuti vuto ndi njala. Akatswiri a ziweto anapeza kuti kuchepa kwa kudya kumachititsa pafupifupi theka lokha la mkaka umene umatayika. Theka linalo limatayika chifukwa thupi limasintha kagwiritsidwe ntchito ka chakudya. Ng'ombe yanjala nthawi yozizira imasungunula mafuta a m'thupi mwake n'kusiyira bere shuga wa m'magazi, koma ng'ombe yotenthedwa sikhudza mafutawo, imawotcha shuga yemweyo kuti ikhale ndi moyo, ndipo bere likasowa shuga mkaka sungachuluke ngakhale muithirire madeya odzaza thumba. Choipitsitsa n'chakuti malovu amene amachucha pansi ndi omwe amayenera kuchepetsa mphamvu ya asidi wa m'chifu, ndipo ng'ombe yongopuma mwawefuwefu sibzikula mokwanira. Madeya anga anangowonjezera asidiyo. Inayamba kutsekula m'mimba, mkaka wochepawo unasanduka wamadzimadzi, ndipo ndinachita manyazi kumalo ogulitsira mkaka ngati kuti ndinauthira madzi.

Komabe chimene chinandipweteka kwambiri si mkaka ayi, koma kuvuta kutenga bere. Ng'ombe yotenthedwa imaonetsa zizindikiro zofuna nkhunzi kwa nthawi yochepa, kawirikawiri usiku, ndipo nthawi zina sizioneka n'komwe. Ikatenga bere, kutentha kwa m'thupi kumatha kupha kamwana m'masiku oyambirira, mwini wake osadziwa kanthu. Ndinalipira woika umuna maulendo anayi, ulendo uliwonse ndi mafuta a njinga yake yamoto, ndipo inadzatenga bere mvula itakhazikika. Miyezi yonseyo ndinkadyetsa ng'ombe imene mkaka wake unkapita ukuchepa, popanda thole loyembekezera. Onjezerani madzi: ng'ombe yotere imatha kumwa malita oposa 100 pa tsiku kukatentha, zomwe ndi ndowa zisanu kapena kuposerapo za malita 20, pa nthawi imene pa mjigo pamakhala mzere wautali. Ndalama zimenezi sizinatchulidwe tsiku logula, ndipo mpaka lero wondigulitsayo ndimam'patsa moni wa pakamwa chabe.

Jersey ndi yaing'ono, ya makilogalamu 400 kapena 450, ndipo ubweya wake ndi wowala, motero imataya kutentha msanga. Yanga inkachepetsa kudya masana koma inkabwezera madzulo, ndipo bere inatenga pa ulendo wachiwiri. Mkaka wake uli ndi mafuta pafupifupi 5 peresenti, kungoti kumene ndimagulitsa amalipira pa lita, osati pa mafuta, ndiye ubwino umenewu umathera mu tiyi wa pakhomo. Thole lake lalimuna ndi lochepa thupi ndipo silikopa ogula. Pa nkhupakupa ndi chigodola, Jersey ndi Friesian n'chimodzimodzi: mukazengereza kupopera mankhwala, mwataya ng'ombe.

Imene ndimaikonda, ndipo sindibisa, ndi yosakaniza Friesian ndi ng'ombe yathu ya linunda. Magazi a ng'ombe yachikuda amaipatsa ubweya waufupi, khungu lotuluka thukuta mosavuta ndi thupi losapanga kutentha kochuluka. Mu Juni Friesian inkaiposa kutali, koma mu Novembala kusiyana kwake kunkachepa kwambiri, ndipo iyo inkabereka m'nthawi yake. Chenjezo n'lakuti mukamaika umuna wa Friesian m'badwo uliwonse, magazi achizungu amakwera kuchoka pa 50 kufika pa 75, kenaka 87.5 peresenti, ndipo mdzukulutuvi wa ng'ombe yanu yopirira adzakhala ataima pa chomwera madzi lilime lili panja. Ku Brazil anachiona chimenechi, n'chifukwa chake mtundu wawo wa Girolando anaukhazikitsa pa magawo 5 mwa 8 a Holstein (dzina lina la Friesian) ndi 3 a ng'ombe ya linunda yotchedwa Gir.

Khola limathandiza mitundu yonse, makamaka la denga lalitali lofolera ndi udzu m'malo mwa malata apafupi ndi msana, komanso kudyetsa m'mamawa ndi madzulo. Friesian yanga ndinayesa kuithira madzi pa msana masana alionse ndipo inkapezako mpumulo, koma madziwo ankachokera pa mjigo womwe uja.

Amene ali ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Bvumbwe agule Friesian ngati ali ndi udzu ndi madzi okwanira. Ife a kumunsi kuno, yosakaniza ndiyo yoyamba ndipo Jersey ndi yachiwiri. Ngati wina akuumirirabe Friesian, asakaione mu Juni ngati mmene ndinachitira ine; apite mu Okutobala cha m'ma 2 koloko masana, aime pambali pake ndi wotchi, awerenge kapumidwe kake asanatulutse ndalama.