Musanakwere basi, funsani kumene madzi amadutsa

Mwana wa mlongo wanga, amene amapalasa kabaza pa Bangula, wandifunsa katatu chaka chino kuti ndimuuze mzinda wabwino wa ku South Africa woti apiteko, ndipo nthawi zonse ndakhala ndikumuzengereza chifukwa funso lakelo siliyankhika ndi dzina limodzi. Popeza anyamata ambiri a ku Nsanje ndi Chikwawa ali ndi funso lomweli, ndaganiza zolemba zimene ndaona ku Johannesburg, ku Durban ndi kuno ku Cape Town kumene ndili tsopano.

Kwathu ndi ku Makhanga, ndipo chimene chinandichotsa pakhomo ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015, amene anakokolola nyumba, mbuzi ndi nkhokwe yathu mtsinje wa Ruo utasiya njira yake. Titachoka kumsasa ndinadulako nzimbe ku Nchalo, kenaka ndinagulitsa njinga, n'kukongola ndalama zina kwa amalume, ndipo ndinakwera basi ku Blantyre yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Johannesburg sindinachite kumusankha. Kwathu dziko lonselo timalitcha Joni kuyambira m'masiku a agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, motero ine ndinkaganiza kuti ndalama zili pamene basi yathera, pa Park Station.

Choyamba kundilandira kumeneko chinali chisanu. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700, pamene ife a kuchigwa tinazolowera kugona panja pamphasa m'mwezi wa Okutobala, ndipo ine ndinafika mu Juni ndi juzi imodzi yopyapyala. Tinkagona anthu asanu m'chipinda chimodzi chogawidwa ndi nsalu, mbaula ya palafini ili pakati, ndipo ndalama za ganyu yanga yoyamba zinathera bulangete ndi jekete m'malo mopita kwa amalume. Ntchito yosamalira maluwa m'nyumba za anthu olemera ndinaipeza msanga, koma inali kutali kwambiri ndi kumene ndinkagona, moti ndinkakwera minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwerera. Pa R150 imene ndinkalandira patsiku, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linkatsala mumsewu, ndipo ukachotsa lendi ndi ufa, chotumiza kumudzi chinkachepera chimene mnzanga wina ankatumiza ali pafamu ya malalanje ku Limpopo, ngakhale kuti iye ankalandira zochepa kuposa ine. Iyeyo nyumba anampatsa pafamu pomwepo ndipo kuntchito ankayenda wapansi. Anthu akamaimba foni kumudzi amatchula malipiro okha, za lendi ndi zokwerera sazitchula.

Nkhani ya zikalata siisintha ndi mzinda. Pasipoti ya Malawi imakupatsani masiku 30 ocheza, osati ogwira ntchito, ndipo wopitirira masikuwo amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka kapena zaka zingapo, pamene wogwidwa amatha kukasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kubwezedwa kwawo. Lamulo la malipiro otsikitsitsa lilipo. Linayamba pa 1 Januwale 2019 ndi R20 pa ola, ndipo mu Malichi 2025 linafika pa R28.79. Koma munthu amene masiku ake anatha kalekale alibe pakamwa poti n'kukumbutsira bwana za lamulolo, amangolandira chimene wapatsidwa.

Zipolowe zothamangitsa alendo zitabuka ku Johannesburg mu Seputembala 2019, masitolo akuotchedwa ku Jeppestown ndi Malvern, ndinanyamuka ulendo wa ku Durban. Ndinkadziwa bwino kuti kumenekonso mu Epulo 2015 Amalawi anzathu anathawira m'misasa ya ku Isipingo ndi Chatsworth mpaka boma lathu linatumiza mabasi okawatenga, koma kunali achimwene ena a kwa Tengani amene analonjeza kundisunga, ndipo munthu wothawa safunsa zambiri. Kunena zoona, Durban ndinamukonda. Kumatentha, thukuta limatuluka ngati uli pa Ngabu, minda ya nzimbe ili mbali zonse za msewu ngati ya ku Nchalo, ndipo chisanu chimene chinandizunza ku Joni kunalibe. Chovuta chinali chilankhulo, chifukwa m'minibasi ndi pamsika anthu amayankhula Chizulu, ndipo wolephera kuyankha moni amadziwika pomwepo kuti ndi mlendo. Ndinapeza ntchito yonyamula katundu m'sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo ndinachita lendi kachipinda ka malata kotchipa zedi, kumunsi kwa phiri, pafupi ndi kamtsinje kamene masiku onse kankangooneka ngati ngalande ya zinyalala.

Usiku wa pa 11 Epulo 2022 mvula inagwa mosalekeza, ndipo ine ndinadzidzimuka chifukwa cha phokoso limene aliyense wobadwira m'mbali mwa Ruo amalizindikira ali m'tulo, kulira kwapansipansi kwa madzi amene asenza mitengo. Nditatsitsa phazi pabedi ndinaponda madzi ofika m'akakolo. Ndinangotenga pasipoti imene ndinkaisunga m'jumbo ya pulasitiki pansi pa pilo, ndinagogoda kwa mayi wina woyandikana nane amene anali ndi ana awiri, ndipo tinakwera phiri mumdima titagwirana manja, matope akutsetsereka kunsi kwa mapazi athu. Kutacha, pamene panali chipinda changa panali mchenga ndi chitseko cha filiji ya munthu wina. Anthu oposa 400 anafa m'chigawo cha KwaZulu-Natal pamvula imeneyo. Chimene chinandipweteka koposa kutaya katundu chinali manyazi, poganiza kuti ine, mwana wa ku Makhanga, ndinayenda ulendo wamasiku atatu kuthawa madzi n'kukagonanso m'njira ya madzi chifukwa chosirira lendi yotsika.

Makolo athu amasiyanitsa mphala, womwe ndi munda wa kumtunda, ndi dimba. Amadziwa kuti kudimba chimanga ndi mbatata zimacha bwino koma madzi ali ndi ufulu wobwerako, ndipo salandira munda asanafunse eni dera kuti chaka cha chigumula madzi anafika pati. Nzeru imeneyi tili nayo kale, koma tikangofika m'tauni timaiiwala, ngati kuti phula ndi magetsi zimaletsa mtsinje kusefukira.

Nditafika ku Cape Town sindinalipire chipinda ndisanachizungulire. Kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo madera ambiri a anthu osauka ali pamchenga wathyathyathya wa Cape Flats, pamene madzi amachita kutumphuka pansi. Chipinda choyamba chimene anandionetsa chinali ndi mzere wakuda pakhoma, wofika m'mawondo, ndipo miyendo ya bedi inali pa njerwa ziwiriziwiri; mwini nyumba ananena kuti njerwazo ndi zoletsa makoswe, ine ndinathokoza n'kupita kwina. Ndinayang'ananso mpata wa pakati pa nyumba ndi nyumba, chifukwa mdani wina kuno ndi moto, umene mu Malichi 2017 unasiya anthu zikwizikwi opanda pogona ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay. Chipinda chimene ndinatenga ndi chokwera mtengo kuposa choyambacho, koma chili pamtunda ndipo kuntchito ndimayenda wapansi. Ntchito za m'minda ya maluwa, m'nyumba ndi m'malo odyera zimapezeka makamaka m'chilimwe alendo akachuluka, ndipo m'mafamu a mphesa a ku Paarl ndi De Doorns amalemba anthu ambiri nthawi yokolola, koma zokolola zikatha ntchito imathanso, ngati mmene zimakhalira ndi nzimbe kwathu.

Chovuta cha Cape Town ndi kutalikirana kwake ndi kumudzi, ndipo chimamveka tsiku la maliro. Kuchoka kuno kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,400, kenaka masiku awiri kapena atatu a basi mpaka Blantyre, kenaka kutsetsereka mapiri kukafika pa Thabwa, kuwoloka Shire pa Chikwawa mpaka Bangula, n'kukweranso bwato. Amalume amene anandikongoza ndalama za ulendo aja atamwalira, mwambo wonse ndinauonera pa foni. Amalawi kuno ali ndi magulu osonkherana ndalama zotumizira mtembo kumudzi, ndipo ndimalangiza aliyense kulowa gulu lotere mwezi woyamba, asanagule foni yatsopano. Pa chifukwa chomwechi sindinyoza anzathu amene anasankha Tete kapena Beira. Ndalama zawo sizimveka ngati ma randi, ndipo zikalata zimafuna Chipwitikizi, koma ku Beira munthu wolankhula Chisena sasowa womumva, ku Tete Chinyungwe sichitivuta, ndipo uthenga wa matenda ukafika amakhala atalowa pa Marka kapena pa Mwanza wodwalayo akadali moyo.

Mwana wa mlongo wanga uja ndamuuza kuti asandifunsenso dzina la mzinda kufikira atandiuza dzina la munthu amene akamulandire. Ndamuuza kuti munthuyo amuimbire pa WhatsApp masana, amuonetse chipinda chonse mpaka pansi pa bedi, atuluke panja amuonetse kumene nthaka yapendekera, ndiponso amuwerengere lendi, zokwerera ndi ufa wa mwezi wathunthu, kuti aone chotsala asanagulitse njinga yake. Wandiyankha kuti ali ndi mnzake ku Durban amene akumuitana, ndipo mnzakeyo akuti chipinda n'chotchipa ndiponso madzi ochapira ali pafupi. Ndamuuza kuti afunse dzina la mtsinjewo.