Cubs kapena Brewers: mkangano wathu wa nyengo ya chisanu

Baseball ya 2025 inatha pamene Dodgers ananyamula chikho atagonjetsa Toronto Blue Jays pa gemu yachisanu ndi chiwiri. Kuno ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, bwalo la Four Winds Field analitseka kalekale, mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan yayamba kuluma makutu, ndipo chatitsalira ife okonda masewerowa ndi kukangana basi mpaka Febuluwale. Lamlungu lapitali tikudya nsima titaweruka ku tchalitchi, mnyamata wina amene wangobwera kumene kuchokera kumudzi anandifunsa kuti, "Achimwene, nanga ine ndizisapota iti, Cubs kapena Brewers?" Ndinamuyankha mwachidule pakamwa pali mbamu. Lero ndimuyankhe bwinobwino, pamodzi ndi nonse amene mwayamba kumene kuzolowera mpira wa ndodowu.

Ndineneretu kuti ine ndine wa Cubs ya ku Chicago. Timu yawo yaing'ono imasewera mu tawuni mwathu muno, ndipo sitima ya South Shore imakutula mu Chicago usanatope n'kukhala. Ndiye mukaona ndikuyamikira Brewers ya ku Milwaukee, dziwani kuti mawuwo akutuluka movutikira.

Tiyambe ndi mamanejala, poti mkwiyo wonse unayambira pamenepo. Craig Counsell anakulira ku Whitefish Bay, pafupi penipeni ndi Milwaukee, bambo ake ankagwira ntchito ku Brewers, iye anasewerera timuyo kenako n'kuitsogolera kuyambira 2015 mpaka 2023, ndipo palibe manejala wina wa Brewers amene anapambana magemu ochuluka kuposa iye. Mu Novembala 2023 Cubs anachotsa David Ross mwadzidzidzi n'kumupatsa Counsell kontirakiti ya zaka zisanu ya madola 40 miliyoni, ndalama imene panthawiyo panalibe manejala anailandirapo. Kuchoka ku Milwaukee kufika ku Chicago ndi ulendo wosakwana maola awiri pa galimoto. Tangoganizani mwana wa pakhomo kusamukira kwa mdani wa tsidya la msewu. Anthu anakwiya mpaka ena anakaipitsa chikwangwani cha kabwalo ka ana kotchedwa dzina lake.

Brewers sanapite kutali kukasaka. Anangotembenuka n'kukweza Pat Murphy, mkulu amene anakhala wachiwiri wa Counsell kwa zaka zisanu ndi zitatu. Chokoma m'nkhaniyi n'chakuti Murphy ndiye anali kochi wa Counsell ku yunivesite ya Notre Dame, pompano pa South Bend, Counsell akadali mwana wa sukulu. Mphunzitsi anadzakhala wothandiza wa wophunzira wake, kenako n'kutenga mpando wake.

Nanga madola 40 miliyoni aja anagula chiyani? Mu 2023, ali ndi Ross, Cubs anapambana magemu 83 n'kugonja 79. Mu 2024, ali ndi Counsell, anapambana 83 n'kugonja 79. Ndinaseka ndekha nditaona manambalawo, kuseka kwa munthu wobedwa. Chaka chomwecho Murphy anapambana 93 n'kukhala woyamba mu divishoni, gulu la matimu limene mulinso Cubs. Mu 2025 Cubs anakwera kufika pa 92, koma Brewers anafika pa 97, kuposa timu ina iliyonse mu ligi yonse, ndipo Murphy anasankhidwa kukhala manejala wabwino wa National League zaka ziwiri zotsatizana. Kenako anakumana mu Okutobala m'ndime yochotsana ya playoff, magemu asanu, aliyense kupambana pakwawo, Milwaukee n'kumaliza ndi 3-1 pa gemu yomaliza.

Awiriwa ndi osiyana ngakhale pa kakhalidwe. Counsell ndi munthu wofatsa, wolankhula mosamala, nkhope yake simungaiwerenge kaya timu ikupambana kaya ikumira. Murphy ndi nkhalamba yanthabwala, ya zaka za m'ma 60, imene mu Ogasiti 2025 inatulutsa chitumbuwa cha pancake m'thumba la buluku ikufunsidwa mafunso pa TV gemu ili mkati, n'kuyamba kudya, n'kugawirako mtolankhani. Koma musapusitsike ndi chitumbuwacho. Timu yake imathamanga, imaba ma base (malo amene wosewera amadutsamo kuti agoletse), imagwira mpira mosataya, ndipo imakakamiza adani kulakwitsa okha. Ngakhale zili choncho, ine sindikhulupirira kuti magemu asanu amene anasiyanitsa matimuwa mu sizoni ya 2025 (97 ndi 92) anachokera pa benchi. Manejala wa baseball sali ngati kochi wa mpira wa miyendo amene angasinthe kaseweredwe konse pa hafu taimu. Ntchito yake yaikulu ndi kusankha nthawi yochotsa woponya, ndi kusunga mtendere pakati pa amuna 26 amene amaonana tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Onse awiri amaitha ntchitoyo. Cubs analipira mtengo wa ng'ombe pogula chinthu chimene Milwaukee anali nacho kale kuseri kwa nyumba.

Kusiyana kwenikweni kuli pa msika wa osewera, ndipo apa mpofunika kufotokozera amene anazolowera za ku Ulaya. Mu baseball sagulitsana wosewera ndi ndalama kawirikawiri. Amasinthana anthu ndi anthu. Timu imakhala ndi ulamuliro pa wosewera kwa zaka zisanu ndi chimodzi za mu ligi yaikulu, zikatha iye amakhala mfulu kupita kwa amene walipira zambiri. Ndiye funso la chaka chachisanu ndi chimodzi limakhala limodzi: timusunge atithandize chaka chino kenako achoke chimanjamanja, kapena timusinthe pano ndi anyamata atatu?

Milwaukee amasintha, ndipo sachita manyazi. Mu Ogasiti 2022 anatumiza woponya wawo wotseka magemu, Josh Hader, ku San Diego timu ili pamwamba pa divishoni. Osewera anakhumudwa, timu inaterereka, ma playoff anawaphonya. Aliyense anati apenga. Koma mmodzi mwa amene anabwera pa malonda amenewo, Esteury Ruiz, anamutumizanso kwina mu Disembala n'kupeza William Contreras, amene wakhala msana wa timuyi pa udindo wowakha mpira kumbuyo kwa womenya, ndipo ndi iye anayamba kumenya home run (mpira wotulukira kunja kwa mpanda wa bwalo) pa gemu yachisanu ija yotichotsa. Mu Febuluwale 2024 anatumiza Corbin Burnes, mwini mphoto ya woponya wabwino ya Cy Young ya 2021, ku Baltimore n'kulandira Joey Ortiz ndi DL Hall. Burnes anakhala ku Baltimore chaka chimodzi, n'kusaina madola 210 miliyoni ku Arizona, ndipo pofika Juni 2025 chigongono chinaduka mtsempha, n'kupita ku opaleshoni. Mu Disembala 2024 Devin Williams anapita ku Yankees, kumene anavutika mpaka kulandidwa udindo wotseka gemu, pamene kamnyamata kakafupi kamene kanabwera m'malo mwake, Caleb Durbin, kanakhala kachitatu pa mavoti a wosewera watsopano wabwino. Onjezanipo Quinn Priester, woponya amene anamutola ku Boston mu Epulo 2025 n'kupambana magemu 13, ndi Andrew Vaughn, amene White Sox anali atamutsitsira ku ligi yaing'ono. Si zonse zinayenda bwino: Ortiz amagwira mpira ngati ali ndi ulimbo m'manja koma ndodo yake inali yozizira mu 2025, ndipo Hall wakhala akuvulala. Komabe mukawerengera zonse, amene anaseka pomaliza ndi ogulitsa.

Cubs anayenda njira inayo. Mu Disembala 2024 anatenga Kyle Tucker ku Houston, atangotsala ndi chaka chimodzi pa ulamuliro, n'kupereka Isaac Paredes, Hayden Wesneski ndi Cam Smith, mnyamata amene anali atangomusankha kumene chaka chomwecho. Theka loyamba la sizoni Tucker anali moto, ndipo ine ndinali m'gulu la oimba nyimbo. Kenako kunabwera kafupa kosweka m'dzanja, kenako katumba wa mwendo mu Seputembala, ndipo anamaliza ndi ma home run 22. Sizoni itatha anakhala mfulu pa msika, pamene Houston anatsala ndi Smith kwa zaka zambiri zikubwerazi. Kodi ndikudandaula? Pang'ono chabe. Popanda Tucker sindikhulupirira kuti tikanafika pa 92, ndipo kugonjetsa Padres pa bwalo lathu la Wrigley Field kunali kupambana kwathu koyamba kwa mndandanda wa playoff chichokereni 2017. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cholakwika sikunali kumugula ayi. Chimene ndinkaopa n'chakuti timu ya mu mzinda waukulu chonchi, bwalo lodzaza tsiku lililonse, idzamulola kupita n'kutiuza kuti ndalama zavuta.

Pano tafika pamene pamandisowetsa tulo: manja a oponya awiri achinyamata amene matimu anawasankha kuchokera ku makoleji chaka chimodzi, 2022. Cubs anatenga Cade Horton wa ku Oklahoma pa nambala 7. Brewers anatenga Jacob Misiorowski mu raundi yachiwiri, kuchokera ku koleji yaing'ono ya Crowder ku Missouri. Onse anadutsa mu ligi yaing'ono ya Midwest League mu 2023, Horton pompano pa South Bend, mnzakeyo ku Wisconsin Timber Rattlers. Horton ndinamuonera ndili pafupi, tikiti ya madola ochepa, nditakhala kumbuyo kwa ukonde. Chimene ndimakumbukira si liwiro ayi, koma kusachedwa kwake: walandira mpira, wayang'ana chizindikiro, waponya, ngati munthu amene akuthamangira basi yomaliza.

Misiorowski ndi chinthu china. Ndi wamtali kupitirira mamita awiri, wowonda ngati nsungwi, ndipo akatambasula mwendo amakhala ngati wafika kale pamaso pa womenya. Anayamba mu ligi yaikulu pa 12 Juni 2025 polimbana ndi Cardinals, n'kuponya ma inning asanu (gemu imakhala ndi ma inning, kapena kuti zigawo, zisanu ndi zinayi) opanda hit, kutanthauza kuti palibe anamenya mpira womufikitsa pa base, n'kupitiriza mpaka ma inning 11 asanamenyedwe n'kamodzi komwe. Atangosewera magemu asanu anamutenga ku All-Star, gemu ya akatswiri osankhika a ligi yonse, osewera ena akale n'kung'ung'udza. Ndiye ligi inamuphunzira. Mipira inayamba kuthawa malire, omenya anayamba kungoima n'kumudikira, ndipo anamaliza sizoni ndi ERA ya 4.36, kutanthauza kupereka ma run (zigoli za baseball) opitirira anayi pa ma inning asanu ndi anayi alionse. Koma mu Okutobala anadzuka, akulowa pakati pa gemu, n'kuponya mpira wa mamailosi 104 pa ola kwa anyamata athu. Ndinazimitsa TV, n'kuyatsanso.

Horton saponya 104. Anamaliza ndi ERA ya 2.67, anapambana magemu 11, ndipo theka lachiwiri la sizoni ankangopereka pafupifupi run imodzi pa ma inning asanu ndi anayi. Anakhala wachiwiri pa mavoti a wosewera watsopano, kumbuyo kwa Drake Baldwin wa Atlanta. Tsoka lake, nthiti inasweka kumapeto kwa Seputembala, ndipo playoff yonse anaionera pa benchi. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti gemu yoyamba ija ku Milwaukee, imene tinamenyedwa ma run asanu ndi limodzi mu inning yoyamba, ikanatha bwanji iye akanakhala kuti ali bwino.

Mukandipatsa mmodzi wa awiriwa kuti aponye magemu 30 chaka chamawa, ndikutenga Horton osaganiza kawiri. Mukandipatsa gemu imodzi yoti tife kapena tikhale ndi moyo, dzanja langa likunjenjemera kulowera kwa Misiorowski. Koma onse awiri ndimawayang'ana ndi diso la mantha. Horton anachitidwa kale opaleshoni ya mtsempha wa chigongono yotchedwa Tommy John ali ku koleji. Ife a Cubs sitinaiwale oponya athu Mark Prior ndi Kerry Wood, amene mu 2003 tinkati atinyamula zaka khumi, kuvulala n'kuwadya tikuona. Mu 2025 momwemo woponya wathu Justin Steele anatha mu Epulo chifukwa cha chigongono. Timu imene ikuwerengera mnyamata wa zaka 23 kapena 24 ngati mzati wa nyumba iyenera kukhala ndi mzati wina pambali.

Apa ndi pamene njira ya Milwaukee imandikayikitsa, ngakhale ndaitama chonchi. Anagonjetsa Dodgers magemu onse asanu ndi limodzi a mu sizoni ya 2025. Atakumana mu Okutobala, woponya wa Dodgers Blake Snell anaponya ma inning asanu ndi atatu n'kupereka hit imodzi, Yoshinobu Yamamoto wa madola 325 miliyoni anaponya gemu yonse yekha, Shohei Ohtani anamenya ma home run atatu n'kutulutsanso omenya khumi akuponya usiku umodzi. Brewers anapeza run imodzi pa gemu iliyonse, magemu anayi, n'kulongedza. Kuthamanga ndi kuba ma base kumafuna kuti uyambe wafika pa base. Timuyi inafika ku World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, kamodzi kokha, mu 1982, ndipo chikho sinachigwirepo. Sizoni ya 2025 itatha, woponya wawo wamkulu Freddy Peralta, amene anapambana magemu 17 chaka chimenecho, anali atatsala ndi chaka chimodzi cha madola 8 miliyoni. Mbiri yawo ikunena yokha zimene amachita ndi munthu wotere. Ndikanakhala wa Brewers ndikanapempha kuti ulendo uno okha amusunge, aone kuti Peralta ndi Misiorowski limodzi angafike pati. Poti ndine wa Cubs, ndinkapemphera amugulitse, ngakhale ndinkadziwa kuti anyamata amene adzabwere m'malo mwake adzatizunza mu 2028.

Ndiye kwa mphwanga uja: ngati mtima wako sutha kupirira kugula jezi ya munthu lero, mawa n'kumva kuti wapita ku New York, usapite ku Milwaukee. Ngati sutha kupirira kuona timu yolemera ikuwerenga makobili ngati yosauka, usabwere kwathu. Mu Disembala 2025 akuluakulu a matimu onse anakumana ku Orlando, ndipo ine ndinkafuna kumva chinthu chimodzi chokha kuchokera ku Cubs: dzina la woponya wamkulu woti aime patsogolo pa Horton. Tikiti yako yoyamba ya Four Winds Field mu Epulo ndikulipira ndine. Ubwere ndi jekete lochindikala, chifukwa usiku wa Epulo kuno sumvera kuti kalendala yati chisanu chatha.