Chronograph yokopera patapita miyezi: zomwe zavuta ndi zomwe zakonzeka

Wotchi yomwe ndikunena pano ndi yokopera, yotengera maonekedwe a Rolex Daytona, ndipo mkati mwake muli makina omwe ogulitsa amawatchula kuti A7750, kutanthauza kope la ku Asia la makina a ku Switzerland otchedwa Valjoux 7750. Ndaivala miyezi yambiri ndithu, yakafikako kwa wokonza mawotchi ndipo yabwerako, ndiye tsopano ndingathe kuinena bwino kusiyana ndi masiku oyamba aja pomwe maso ankangotengeka ndi kunyezimira. Kunja palibe chodandaula: galasi silinakalike, chitsulo sichinasuluke, lamba akugwirabe bwino. Mavuto onse ali mkati, ndipo lalikulu kwambiri likuchokera pa kachinthu kamodzi komwe ambiri sakaona n'komwe pogula.

Tisainamizire 7750 yeniyeniyo. Makinawa anatuluka mu 1974, anawalinganiza ndi Edmond Capt, ndipo akhala m'mawotchi a IWC, Breitling ndi TAG Heuer kwa zaka zambiri. Amagunda ka 28,800 pa ola, ndi okhuthala mamilimita 7.9, ndipo chronograph yake (mbali yoyezera nthawi yomwe mumaiyatsa, kuizimitsa ndi kuibwezera ndi mabatani) imalamulidwa ndi cam, kachitsulo kaphanthiphanthi kokankha tizitsulo tina, osati column wheel, kagudumu kokhala ndi tinsanamira, n'chifukwa chake ndi opirira komanso osavuta kukonza. Koma ali ndi chibadwa chawo: kamuvi ka masekondi kamakhala pa 9, kowerenga mphindi 30 kali pa 12, kowerenga maola 12 kali pa 6. Daytona ya makina a 4130, omwe anabwera m'chaka cha 2000, ili ndi masekondi pa 6, mphindi pa 3, maola pa 9. Kuti nkhope ya wotchi yokopera ifanane ndi imeneyi, opanga amaikapo mbale ina yachitsulo pansi pa nkhopeyo yokhala ndi magiya owonjezera osamutsa mivi kupita pomwe akufuna.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Magiya osamutsa mphindi ndi maola amayenda pokhapokha chronograph ikayatsidwa, choncho sadyeka msanga. Koma a masekondi amazungulira usana ndi usiku, ndipo amatenga mphamvu chakumapeto kwa mzere wa magiya komwe mphamvu ya sipuling'i yafika kale yochepa. Kuwonjezera apo, m'mawotchi ambiri otere magiyawa sazungulira pa timiyala ta rube tochepetsa kukhuzana ayi, amangokhuzana chitsulo ndi chitsulo. Zili ngati kumangirira ngolo yopanda girizi kumbuyo kwa njinga yomwe inapangidwira munthu mmodzi. Iyenda, koma kwa nthawi yaitali bwanji?

Yanga inayamba bwino. Kenako pang'onopang'ono inayamba kutsalira, ndipo kamuvi ka masekondi kanayamba kunjenjemera: kayenda, kaima pang'ono, kadumpha. Mphamvu yomwe inkayenera kukwana maola oposa 40 inayamba kuthera usiku umodzi wokha, moti ndikaivula madzulo m'mawa ndinkaipeza itaima. Chomwe chinanditsimikizira kuti zafika poipa ndi chakuti ndikadina batani loyatsira chronograph nthawi zina wotchi yonse inkangoti zii, ndipo ndikazimitsa inkayambanso kugunda. Wokonza ataiika pa timegrapher, chida choyezera kagundidwe ka wotchi, amplitude inali pansi pa madigiri 200, kutanthauza kukula kwa mpata womwe balance, kagudumu kogunda uku ndi uku, imazungulira. Makina athanzi otcheredwa mokwanira, atagonekedwa chagada, amayenera kuonetsa pakati pa 270 ndi 310.

Anandilola kusuzumira pa galasi lake lokuzira zinthu atachotsa nkhope. Mozungulira tinsanamira tomwe magiya a masekondi amakhalapo panali fumbi lakuda bii, lomwe ndi chitsulo chopereseka. Pansi pa giya imodzi panali mzere wozungulira wonyezimira pomwe giyayo inkapala mbale. M'makina a pansi pa mbaleyo munali ulusi wopyapyala utakoledwa pa dzino la giya, chidindo cha chala pa mlatho umodzi (kachitsulo kogwira magiya pamwamba), timiyala tina tili touma gwa pomwe kamodzi kanali katamira m'mafuta mpaka kutayikira. Apa ndinamvetsa kuti zitsulo zake si zoipa kwenikweni. Choipa ndi kulumikiza kwake: mwachangu, mosasamala, mafuta ongoponya.

Njira zokonzera zilipo zingapo, ndipo sizofanana mphamvu.

Yoyamba, yomwe palibe kuithawa, ndi kuphwasula makina onse, kuwatsuka ndi kuthira mafuta oyenera pamalo oyenera. Sikuti mafuta amodzi amakwanira ponse: Moebius 9010 ndi wa magiya othamanga ndi timiyala ta balance, HP-1300 ndi wa magiya oyenda pang'onopang'ono koma olemedwa, 9415 ndi wa timiyala ta pallet (kafoloko kolola giya kuyenda dzino limodzilimodzi), ndipo pomwe cam ndi zitsulo za chronograph zimakhuzana pamafuna girizi. Aliyense amene akuti akonza pongotsegula kumbuyo n'kudonthezera mafuta pamwamba, muthawireni kutali, chifukwa mafuta atsopano akasakanikirana ndi fumbi lija amasanduka phala lopera chitsulo.

Pa mbale yowonjezera ija, wokonza wanga anasalaza malo opalikawo, anapukuta tinsanamira mpaka kuwala, n'kupakapo mafuta ochepa kwambiri. Ena amapaka graphite wouma, ufa woterera ngati wa m'pensulo, ndipo amathandizadi, koma ndi wongogulira nthawi, amatha. Njira yokhalitsa ndi kuboola mbaleyo n'kuikamo timiyala, ntchito yofuna zida ndi dzanja losanjenjemera, ndipo si wokonza aliyense angaivomere. Palinso njira yankhanza koma yogwira: kuchotseratu magiya a masekondi, kamuviko n'kukakhomera pamalo amodzi. Wotchi imayenda bwino kwambiri ikatero, kungoti pa 6 pamakhala kamuvi kakufa. Ine sindinalole, ngakhale ndikuvomereza kuti mwanzeru njirayi ndi yomveka. Ndipo kwa amene akuganiza zogula ETA 7750, yomwe ndi 7750 yeniyeni, kapena Sellita SW500, makina a ku Switzerland ofanana nayo, kuti aikemo, dziwani kuti mbale ija iyenera kubwerera pamwamba pake kuti mivi ikhale pamalo ake, ndiye mwangopatsa makina odula katundu yemweyo. Ngakhale zitsulo za ETA zogula padera, zina zimalowa bwino m'kope, zina zimakana.

Vuto lachiwiri linali la muvi waukulu wa chronograph. Ndikadina batani lobwezera, m'malo moima pa 12 ndendende unkapitirira pang'ono, lero mbali iyi mawa mbali inayo. Kubwezerako kumachitika mwamphamvu: kanyundo kamamenya cam yooneka ngati mtima, giya n'kubwerera nthawi yomweyo, ndiye ngati kapaipi ka muvi sikanagwire zolimba, muviwo umaterereka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ngati ukuima pamalo amodzimodzi olakwika nthawi zonse, unangoikidwa mokhota, kuuzula n'kuukhomanso basi. Ngati malo ake akusinthasintha, kapaipi kafutukuka kapena kamasuka pomwe kanalumikizana ndi muvi, ndipo kayenera kufinyidwa kapena muvi usinthidwe. Wanga anaufinya, ndipo chiyambire sunasunthenso. Langizo lomwe ndinapatsidwa ndi loti ndiziimitsa muvi ukayandikira 12 ndisanabwezere, kuti usamadumphe mtunda wautali, komanso ndisamakakamize batani lobwezera chronograph ikuyenda.

Kowerenga maola kankayenda kokha pang'onopang'ono chronograph ili yozima. Mu 7750 kamuvi aka kamayendetsedwa kuchokera ku mgolo wa sipuling'i ndipo kamaimitsidwa ndi kabuleki, ndiye kabulekiko kakapanda kugwira kapena pakafika mafuta, kamakwawa. Kutsuka kunathetsa zimenezo. Kowerenga mphindi kankaima pakati pa mizere iwiri, anangosintha kasipuling'i kake kokagwira.

Phokoso la rotor, chitsulo cholemera chomwe chimazungulira n'kutchera wotchi mukamagwedeza mkono, lokha musade nalo nkhawa. 7750 imatchera mbali imodzi yokha, mbali inayo rotor imangozungulira mwaufulu, n'chifukwa chake mumamva kugwedezeka pamkono. Ngakhale yeniyeni imatero. Chodetsa nkhawa ndi phokoso lokanda, chifukwa ndiye kuti sikuluu ya rotor yamasuka. Amene wotchi yanu ili ndi deti, musaisinthe ndi dzanja pakati pa 8 koloko usiku ndi 2 koloko m'mawa, mano a deti amatha kuthyoka. Za madzi ndiye osayerekeza, zomwe zalembedwa pa nkhope ndi zokopera basi, palibe anaziyesa.

Palinso mbali ina yomwe ogulitsa sanena. Malo ovomerezeka a kampani yeniyeni sakonza wotchi yokopera, ndipo ngakhale okonza oima paokha ambiri amaikana, ena chifukwa cha dzina labodza lili pankhopepo, ena chifukwa safuna kupereka chitsimikizo pa makina omwe sangawakhulupirire. Maiko ena amailanda pa malire. Ku Switzerland lamulo lolola kulanda katundu wotere ngakhale wogwiritsa ntchito mwini wake linayamba mu 2008. Ndipo kukonza chronograph ndi ntchito yambiri, moti malipiro ake amatha kufanana kapena kuposa ndalama zomwe munagulira wotchiyo.

Kodi ndingagulenso? Ya masekondi pa 6 yokhala pa A7750, ayi. Makope atsopano a 4130 alibe mbale yowonjezerayi ndipo ndi opyapyala, popeza 4130 yeniyeni ndi mamilimita 6.5, koma kanthu kakathyoka kupeza kena n'kovuta. Ngati chomwe mukufuna ndi chronograph yogwira ntchito, Seagull ST19, yochokera ku Venus 175 yakale, ili ndi column wheel ndipo imapezeka m'mawotchi a mayina awoawo. Seiko VK63 ndi ya batire koma batani lake limadina ndi kubwezera ngati ya makina, ndipo sivutavuta.

Yanga pakadali pano ikugunda pa madigiri pafupifupi 270, ikufika m'mawa wachiwiri isanaime, ndipo muvi ukubwerera pa 12. Chronograph ndimaiyatsa mwa apo ndi apo, sindiisiya ikuyenda tsiku lonse. Wokonza anandichenjezeratu kuti popeza timiyala sitinaikidwe, fumbi lakuda lija lidzabweranso, ndipo chizindikiro choyamba chidzakhala kamuvi ka pa 6 kuyambanso kunjenjemera. Kakadzatero ndidzasankha pakati pa kulipira timiyala ndi kuchotsa magiya aja, ndipo mmene ndikuonera panopa ndidzachotsa magiya.