Kashopu ka fotokope ka agogo aja pa Kasungu boma

Ngati muli pa Kasungu boma mukufuna makope, mabolopeni kapena kutayipitsa kalata, pitani kwa agogo aakazi aja chakumsika. Mitengo yawo ndiyabwino, fotokope imatuluka yowala bwino, vuto lake magetsi akangothima basi zonse zaima poti alibe jenereta, ndiye zachangu musadalire.

Koma ine ndikuwayamikira chifukwa cha mphwanga wa zaka 17. Iyeyu mtima wake umakonda anyamata anzake, kunyumba nkhaniyi sitiikamba, kutchalitchi ndiye musanene, komanso lamulo likadali lomwe lija loletsa amuna kugonana okhaokha, la zaka mpaka 14 kundende, khoti linakana kulichotsa mu 2024. Mwana anafika posiya kudya. Agogowa kale anali aphunzitsi a Chichewa, atamuona akungokhala ndwii pakhonde la shopu anamupatsa kope laulere nkumuuza kuti "mdzukulu wanga, zomwe pakamwa pakukanika, lemba". Loweruka amakhala naye pabenchi, amawerenga ndakatulo zake nkumamukonzera zilembo, ndipo sanamufunsepo kuti amene akumulembera ndakatulozo ndi ndani. Pano akuseka, akudya, ndakatulo zake akutayipitsa konko.

Chonde mukapita osakanenerera mitengo, phindu lawo ndilochepa kale.