Miyezi khumi ndi waya wa mamita 20 pa kapoloti kanga

Poloti yathu ku Chilomoni ndi yothina: nyumba, bafa, kadimba ka mpiru ndi mtengo umodzi wa mango kumpanda. Nditapeza laisensi ya wailesi ya amateur (yolankhulirana ndi anzathu akutali mongosangalala) ku MACRA, anzanga anati ndimange G5RV, eriyo yomwe Louis Varney anakonza mu 1946. Koma iyo imafuna mamita 31, ndipo ZS6BKW ya Brian Austin nayo imadya oposa 28. Zonse ziwiri chingwe chake chopita ku wailesi chimatsika pakati, ndiye kwathu kuno chikanagwera padenga la malata.

Ndinasankha eriyo yotchedwa EFHW, waya wa mamita pafupifupi 20 wolumikizidwa kunsonga kudzera pa transformer ya 49:1, yomwe imagwirizanitsa wayayo ndi chingwe chopita ku wailesi. Kabokosi kake kali pansi pa khonde, waya akukwera pansungwi yaitali, kenako n'kukhota kulowera kumango. Patha miyezi khumi tsopano, ndipo sindinong'oneza bondo. Popanda tuner (chipangizo chogwirizanitsa eriyo ndi wailesi) ndimalankhula pa mabandi anayi, kutanthauza magawo a mafunde a wailesi otchulidwa ndi utali wa mafundewo: mamita 40, 20, 15 ndi 10. Madzulo pa 20 ndi 15 ndimawamva bwino a ku Ulaya, pomwe pa 40 ndimacheza ndi a ku South Africa. Pa 80 musavutike, wayayu ndi wamfupi. Pa 17 ndi 30 pamafunika tuner, ndipo ngakhale ilipo sindikhutira nazo.

Chomwe chinandisowetsa tulo poyamba ndi mphamvu yobwerera m'nyumba kudzera kunja kwa coax, chingwe cholumikiza eriyo ndi wailesi. Ndikangodina maikolofoni, sipika ya kompyuta inkalira ngati njuchi, ndipo tsiku lina chitsulo cha maikolofoniyo chinandiluma pamlomo. Ndinakulunga coax pa ferrite (mkombero wonga chitsulo wotchinga mphamvu yobwererayo) ya FT240-43 pafupi ndi pomwe imalowera pawindo, vuto n'kutheratu. Amene mukufuna eriyo yamtunduwu, ferrite yotchingayi, yomwe timaitcha choke, muiwerengere limodzi pa mtengo wogulira.

Dzinja ndilo linandiphunzitsa zambiri. Mu Januwale SWR (muyeso wa mphamvu yomwe eriyo ikubweza ku wailesi) inayamba kukwera popanda chifukwa chooneka. Nditatsegula kabokosi ndinapeza madzi atadikha pansi, nyerere zitamangamo, zomangira zitachita dzimbiri. Ndinapukuta, ndinaboola timabowo tiwiri pansi pake kuti madzi azituluka, cholumikizira n'kuchimata ndi tepi. Mphepo nayo inadula waya kamodzi chifukwa nthambi ya mango imagwedezeka kwambiri. Pano pakati pa chingwe ndi nthambi ndinaikapo lekeni ya chubu ya njinga, imatamuka mtengo ukamavina. Nsungwi yoyamba inadyedwa ndi chiswe kutsinde, yachiwiriyi ndaikhazika pamwala. Mitambo ikangoda, coax ndimaichotsa pawailesi n'kuitulutsa panja. Mphenzi si yoseweretsa.

Pa FT8, njira yotumizirana mauthenga kudzera pa kompyuta, ferrite ya m'kabokosi ka transformer imatentha msanga, choncho ndimatsitsa mphamvu kufika mawatsi 30, ngakhale polankhula ndimafika 100. Ndipo poyesa utali wa waya musathamangire pulayala. Pindani nsonga pang'onopang'ono mpaka SWR itsike pa 7 MHz (bandi ya mamita 40), chifukwa ine ndinadula mopitirira n'kuchita kulumikiza kachidutswa.

Dandaulo lomwe latsala ndi phokoso pa mamita 40 usiku. Ndinkaganiza kuti wolakwa ndi wayayu, koma tsiku lina magetsi atazima dera lonse, ndinayatsa wailesi ndi batire ndipo bandi inangoti zii, mawu akutali akumveka ngati munthu ali pakhonde. Ndinafufuza m'nyumba n'kupeza kuti tchaja ya foni yotchipa ndi mababu awiri a LED ndiwo ankasokosa kwambiri. Amenewo ndawachotsa, koma inverter ya sola ya kuseri kwa mpanda idakalirabe, ndipo ndikufuna nsungwi ndiisunthire mbali ya kumsewu mvula isanayambe.