Modemu yam'kati kapena yakunja? Ine bilu ya foni ndiyo inandiphunzitsa

Mwezi uno wokha anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi: tigule modemu iti (kachipangizo kolumikiza kompyuta ku intaneti kudzera pa waya wa foni), yotchipa yolowetsa m'kati mwa kompyuta kapena ya kabokosi yokhala patebulo? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndifotokozeretu kamodzi.

Zoti zonse zalembedwa 56k pakatoni zisakutengeni mtima. Limenelo ndi liwiro lapotsitsa zinthu; potumiza, V.90, njira imene mamodemu a 56k amatsata, imalekera pa 33.6k, ndipo pamawaya athu amkuwa nthawi ya dzinja muziyamika ikangogwira.

Ine ndinayamba ndi yam'kati, ija amati winmodem. Wogulitsa anandiuza kuti n'chimodzimodzi ndi zodula, kusiyana katoni basi. Sanandiuze kuti kakhadi kameneka kalibe ubongo wakewake. Ntchito imene modemu yeniyeni imagwira payokha, iko kamasenzetsa purosesa ya kompyuta kudzera mu driver, pulogalamu yoyendetsa kakhadiko. Ndiye pa Pentium yanga ya Windows 98, ndikangotsegula chithunzi chachikulu uku ndikutsitsa fayilo, laini inkaduka. Kuyimbanso, kumvetsera kulira kuja kwa tswiii mpaka igwire, kenako fayilo imene inatsala pang'ono kutha n'kuyambiranso pachiyambi. Usiku wina ndinayimba kasanu ndi kawiri kuti nditumize kalata imodzi yokhala ndi zithunzi za ukwati wa mlongo wanga.

Apa ndiye panabisala mtengo wake weniweni. Foni tinkalipira malinga ndi nthawi imene takhala palaini, kaya fayilo yafika kaya yathera panjira. Bilu itabwera, mayi akunyumba anaiyala pamphasa n'kuloza ndi chala mzere uliwonse, nambala yomweyomweyo kutsika tsamba lonse, mphindi ziwiri, mphindi zinayi, mphindi imodzi. Anangofunsa kuti, "Bambo, kodi mumayankhula ndi ndani?" Ndalama imene ndinkati ndapulumutsa m'sitolo inatha m'miyezi iwiri. Pamwamba pa izo, nditaikanso Windows, CD ya driver inali itasowa, ndipo kuti ndiitsitse pa intaneti ndinkafunika modemu yomweyo imene sikugwira ntchito. Amene mumakonda Linux, makhadi ambiri otere Linux sinkawadziwa n'komwe.

Koma musaganize kuti yakunja iliyonse ndi yabwino. Zambiri zolowetsa pa USB ndi winmodem yomweyo yavala chabe malaya. Funani yolowa pa serial port, yokhala ndi adaputala yakeyake yamagetsi.

Ndipo kumeneko mukumana ndi nkhani ya firmware, pulogalamu yokhala m'kati mwa modemu. Mu 1997 kunali njira ziwiri zosamvana: x2 ya US Robotics, ndi K56flex ya Rockwell ndi Lucent. Modemu ya x2 ikayimbira makina a K56flex, zonse zinkabwerera ku V.34, kutanthauza 33.6 kapena kucheperapo. Bungwe la ITU, loona za mauthenga padziko lonse, linathetsa mkanganowo mu 1998 pokhazikitsa V.90. Vuto linali lakuti mamodemu akaunjika ambiri amene abale ankatibweretsera kuchokera kunja anali akadali ndi firmware yakale. Musanapereke ndalama, tsegulani HyperTerminal, pulogalamu ya Windows zakale yolemberamo malamulo opita ku modemu, lembani ATI3, kapena ATI7 ngati ndi US Robotics, muone chimene chili m'katimo. Ndipo Windows ikalemba kuti mwagwira pa 115,200 musasangalale, limenelo ndi liwiro la pakati pa kompyuta ndi modemu, osati la palaini.

Kusintha firmware n'kotheka ngati modemuyo ili ndi flash, memori yotheka kulembedwanso, koma samalani. Yanga yachiwiri, yakunja yopanda dzina lodziwika, inafera pomwepo. Ndinali pakati poiika V.90, mzere wosonyeza kuti ntchito ikuyenda unali utadutsa theka, magetsi anangoti thi! Atabwera, nyali imodzi yokha ndiyo inkayaka, ndikalemba AT osayankha OK. Mpaka lero ili m'kabati. Musayerekeze kuchita zimenezi popanda UPS, batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima, ndipo fayiloyo ikhale ya mtundu womwewo wa modemu yanu, osati yongofanana dzina.

Imene ndili nayo tsopano ndi US Robotics Courier, ndipo sindibisa, ndimaikonda. Laini ikayamba phokoso mvula ikamagwa, imatsitsa liwiro payokha n'kupitirizabe, osadula. Tinyali take timandiuza zoona: nyali ya CD ikazima ndimadziwa kuti laini yapita, ya RD ikamaphethira ndiye kuti zinthu zikubwera. Ikasokonezeka ndimangoizimitsa n'kuiyatsanso, kompyuta osaikhudza. Sportster, ya kampani yomweyo, inali yotsikirako mtengo ndipo kwa wapanyumba inali yokwanira.

Yam'kati ili ndi ubwino wake umodzi, sidya malo ndiponso ilibe mawaya ambiri. Ndi womwewo.

Mphezi sisankha, zonse imapsereza kudzera pa waya wa foni. Kusiyana kwake n'kwakuti yakunja kawirikawiri imafa yokha, pomwe yam'kati imatha kupita ndi motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Kukayamba kugunda, zulani waya pakhoma.

Choncho anzanga atatu inu, ngati ndalama ya yakunja sinakwane mwezi uno, dikirani malipiro a mwezi wamawa. Pakadali pano bwerani muzidzatumizira makalata kwathu, bola lisakhale tsiku lamvula yamabingu.